Odi wa Amayi pa Kaseti

Area 47, Sekita 3,
Lilongwe.
17 Ogasiti 2024.

Okondedwa achimwene a Levison,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko ku Leicester, pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno tilipo, kupatula fumbi la mwezi uno limene latipatsa chifuwa nyumba yonse. Musadabwe kulandira kalata ya pepala ngati tili m'masiku a agogo. Pa WhatsApp mumangowerenga, timizere n'kusanduka tabuluu, inu phee. Ndiye ndapatsira Riya, mdzukulu wa a Chandrakant, amene akubwera kumeneko kusukulu, ndipo ndamuuza kuti asachoke pakhomo panu mpaka mutatsegula envulopu iye akuona. Mwana ameneyo ndi wamakani ngati agogo ake, musalimbane naye.

Nkhani ndi ya chimbale cha bambo. Ndikudziwa kuti mwatsinya kale nkhope, koma werengani mpaka kumapeto.

Inu munali wakhanda, ine ndinali ndisanabadwe, komabe nkhaniyi tonse tinakula nayo. Mu 1988 anthu anayi aja, bambo pa sakisofoni, a Chandrakant pa piyano, a Lekani pa besi ndi a Bashir pa ng'oma, anajambula jazi wawo m'chipinda chosungiramo katundu, kuseri kwa sitolo ya a Chandrakant ku Area 2. Anasankha m'menemo chifukwa mabelo a mabulangete ankameza phokoso la mumsewu, n'chifukwa chake chimbalecho anachitcha Kuseri kwa Mabelo. Maikolofoni inali imodzi, yobwereka. Tepi inalinso imodzi. Choncho lamulo lawo linali loti nyimbo saibwereza: chimene chalowa chalowa, kaya wina watsokomola, kaya mpando walira.

Pa nyimbo yomaliza, bambo ali pakati pa solo yawo, amayi anafika pakhomo pa chipindacho atakuberekani kumbuyo. Panalibe nkhani yaikulu. Bambo anali atachoka ndi makiyi a nyumba m'thumba, ndipo amayi anali atatopa kukhala pakhonde ndi mwana. Anati, "Odi kuno!" Ndipo poti munthu woleredwa bwino sasiya odi osayankha, onse anayi anaima, bambo n'kuchotsa sakisofoni pakamwa n'kunena kuti, "Eee, lowani, Nambewe." Atatero anapitiriza pomwe anasiyira. Amayi anakhala pa belo, inu muli gone kumsana, mpaka nyimbo inatha. Zonsezo zinalowa mu tepi, ndipo makaseti anatuluka nazo choncho.

Kuyambira pamenepo, kulikonse kumene ankayimba nyimbo imeneyo, kuhotela kapena paukwati, akafika pamalo aja onse anayi ankaima kaye pang'ono, kenako n'kupitiriza. Anthu ankayesa kuti ndi luso la jazi. Ndipo mukukumbukira nthabwala ya bambo ija, imene ankauza mlendo aliyense: "Mkazi wangayu anandiwonongera solo yabwino kuposa zonse pa moyo wanga." Amayi ankangoyankha kuti, "Mukanasiya makiyi." Inu nthabwala imeneyo simunkaikonda. Tsiku lomwe tinabwera koika amayi munawauza bambo kuti iwo ankakonda lipenga kuposa mkazi, munatenga kaseti ya amayi pa kabati, ndipo kuyambira pamenepo simunalankhule nawonso. Sindikuweruza mlandu umenewo. Ndikungokumbutsa kumene kaseti inapita.

Tsopano chaka chino Keyur, mwana wa a Chandrakant, pokonza m'chipinda muja anapeza tepi yeniyeni ija, yaikulu ngati mbale, ili m'bokosi kuseri kwa mashelefu. Anaganiza zoti chimbale chituluke kachiwiri, chiikidwe pa intaneti achikulirewa akadali moyo. Anapita nayo kwa Mtendere, bambo wina amene ali ndi situdiyo ku City Centre ndipo ntchito yake ndi yabwino ndithu. Mtendere ananeneratu kuti tepiyo yakalamba, idzangozungulira kamodzi basi. Ndipo zinaterodi. Pamene inkazungulira inkayoyoka kafumbi kofiirira, ndipo pomaliza inali itatha ntchito, koma nyimbo zonse zinali zitalowa mu kompyuta.

Tsiku lina masana ndinawaperekeza bambo kusitudiyoko. A Lekani ndi a Bashir analiponso, akukangana za amene ankathamangitsa nyimbo pakati pa awiriwo, mkangano womwe ndi wamkulu kuposa ine. Mtendere anatembenuka pa mpando wake n'kunena kuti, "Bambo, ndikuchotsa phokoso. Koma pa nyimbo yomalizayi pali mayi wina amene analowerera. Nditani nawo?"

Bambo anaseka chikhakhali. "Chotsani, mwanawe! Ndadikira zaka zonsezi kuti wina andichotsere."

A Bashir anaseka mpaka kugwira m'mimba. A Lekani anati, "Nebert, lero ndiye wapambana mlandu." Inenso ndinaseka, popeza tonse m'chipindamo tinkaidziwa nthabwalayo, kupatula munthu mmodzi amene anali ndi kompyuta. Iye anangogwedeza mutu n'kulemba kenakake.

Patapita milungu ingapo tinakumana ku Area 2 kuti timvere chimbale chokonzedwa. A Chandrakant anaumirira kuti timvere m'chipinda momwe muja, ngakhale masiku ano mulibe mabulangete, muli makatoni a mafuta ophikira ndi sopo. A Daxa, akazi awo, anabweretsa tiyi ndi masamusa. Kunena zoona, nyimbo zinamveka bwino kwambiri. Besi ya a Lekani, imene pa kaseti inkamveka ngati munthu akugogoda kuseri kwa khoma, tsopano inali pafupi ndithu, ndipo mwini wake ankangoti, "Mwamva? Ameneyo ndine!"

Inafika nyimbo yomaliza. A Bashir ankamenya bondo ndi zala, a Chandrakant zala zawo zikuyenda pa katoni. Itafika pamalo aja, zala zonse zinaima zokha, monga zinazolowera. Koma nyimbo siinaime. Sakisofoni inangopitirira bwinobwino, popanda odi, popanda yankho, popanda ngakhale mpata. Mtendere anali atasoka mbali ziwirizo mwaluso moti munthu wosadziwa sangaloze pamene pali msoko.

"Tabwezerani," anatero bambo.

Keyur anabwezera. Inapitiriranso chimodzimodzi.

"Mkazi wanga mwamuika kuti?"

Mtendere anayang'ana Keyur, kenako ine. "Munanena kuti ndichotse, bambo."

"Ndinaterodi," anatero bambo. "Tsono mubwezereni."

Apa ndi pamene Mtendere anaulula vuto. Anafotokoza kuti atamaliza ntchito, ndipo Keyur atavomereza, anafufuta zoyambirira zija kuti apeze malo a ntchito ina. Wakhala akufufuza m'makompyuta ake onse, anapitanso kwa anzake odziwa zobwezeretsa zinthu, koma palibe chapezeka. Anabwera mpaka kuno kunyumba kudzapepesa, chipewa chili m'manja. Bambo anamuuza kuti alibe naye chifukwa, munthu wachita zomwe anauzidwa. Madzi akatayika saoleka.

Ndinayamba kusaka kaseti ina. Za a Chandrakant zinawonongeka chaka chija madzi analowa m'sitolo. Ya a Bashir inatafunidwa ndi wailesi ya m'galimoto kalekale. A Lekani yawo anabwereketsa munthu wina amene, malinga ndi iwo, anamwalira kapena anasamukira ku Mzuzu, sakudziwa bwino. Ndafunsa kwa ogulitsa zakale mu Old Town, ndipo mmodzi anandifunsa kuti kaseti n'chiyani. Amayi, monga mukudziwa, anatisiya mafoni ojambula mawu asanafale, ndipo kamera ankaithawa ngati ngongole. Zithunzi zilipo zingapo. Mawu awo anali pamalo amodzi okha.

Mwambo wokhazikitsa chimbale unachitikabe mwezi watha, Loweruka masana, pabwalo la hotela ina ku City Centre. Anthu anabwera ambiri, achinyamata a m'maofesi atavala zipewa zija amaganiza kuti ndi za jazi. Achikulire anayimba bwino, ngakhale bambo mpweya ukuwachepera masiku ano. Atafika pa nyimbo yomaliza, pamalo aja, onse anaima monga mwa nthawi zonse. Koma m'malo mopuma pang'ono n'kupitiriza, bambo anachotsa sakisofoni pakamwa, n'kuyang'ana kugeti, n'kunena pa maikolofoni kuti, "Eee, lowani, Nambewe."

Kenako anadikira.

Achinyamata ena anawomba m'manja poyesa kuti ndi mbali ya nyimbo. A Bashir anagwira timitengo tawo m'mwamba osatitsitsa. Zinatenga nthawi, achimwene, mpaka operekera zakumwa anaima. Pomaliza a Chandrakant anayamba kuyimba piyano pansipansi, a Lekani n'kuwatsatira, ndipo atatuwo anaimaliza nyimboyo okha. Bambo anangoima, sakisofoni ikulendewera pakhosi. Ine ndinapita kukakhala m'galimoto. Ndinalira, ndipo sindikuona chifukwa chobisira.

Kuyambira tsiku limenelo sakisofoni ili m'bokosi lake pansi pa bedi. Sakudwala ayi. Dokotala anawayeza, akuti magazi ali bwino, shuga ali bwino. Amadya, amasamba, amawerenga nyuzipepala n'kumatukwana andale monga kale. Koma masana amakhala pakhonde, mpando atauloza kugeti. A Chandrakant amabwera Lamlungu lililonse kudzawanyengerera kuti akayeserere nyimbo, iwo amangoti, "Mawa." Ndipo nthabwala ija yatha. Anabwera mlendo wofuna kulemba za chimbale, ine n'kumadikira kuti aiyambe, koma anangomuuza za maikolofoni.

Sabata yatha ndikutsuka mbale anandiitana.

"Bernadetta, amayi ako ankati bwanji paja?"

"Ankati odi kuno, bambo."

"Mawuwo ndikuwadziwa. Ndikufunsa kamvekedwe. Ankakweza kumapeto kapena ankatsitsa?"

Ndinati sindikukumbuka bwino. Anandiuza kuti ndiyesere. Ndiye taganizani, ine mayi wamkulu, wa ana akusekondale, ndinatuluka panja, ndinaima pakhomo pa nyumba yanga yomwe manja ali ndi thovu, n'kunena kuti, "Odi kuno!" Bambo anatseka maso, n'kupukusa mutu. "Ayi. Walowa msanga. Ndiponso uli pamwamba. Tabwereza." Ndinabwereza mpaka mlonda wa nyumba yoyandikana nayo anasuzumira pa mpanda kuti aone ngati kwagwa zovuta. Pamapeto pake bambo anati, "Basi, siya. Ndimatha kukumbukira noti iliyonse imene Bashir analakwitsa tsiku limenelo, koma Nambewe akundithawa."

Ine ndinabwerera ku mbale zanga.

Achimwene, kaseti ija ili ndi inu. Sindikufunsa ngati munaisunga, chifukwa ndikukudziwani: munthu amene anasunga nsapato zake za Sitandade 8 sangataye mawu a amayi ake. Chonde musaiyike mu wailesi yakale iliyonse kuti muone ngati ikugwirabe ntchito, ingatafunidwe ngati ya a Bashir. Musaitumize pa positi. Musampatsirenso Riya, iye sabwera kuno mpaka chaka chamawa, ndiponso amataya ngakhale magalasi ali pamphuno.

Keyur akuti kumeneko alipo anthu ambiri amene angaike kasetiyo mu kompyuta, inu n'kutitumizira pafoni tsiku lomwelo. N'zoona, ndipo ndikudziwa kuti inunso mwaganiza kale zomwezo. Koma bambo sindinawauze kuti njira imeneyo ilipo, ndipo Keyur ndamuuza kuti akangotsegula pakamwa ndisiya kugula m'sitolo mwake. Bambo chomwe akudziwa n'chakuti kaseti imayenda m'thumba la munthu. Zina zonse mudziwa nokha. Chimene munanena tsiku la maliro mwina chinali choona, mwina ayi. Ine ndangokuuzani zimene ndaona ndi maso anga.

Nkhani zina n'zochepa. Mpanda wakumbuyo tinaukonza. Mtengo wa mapeyala umene munadzala uja wakula mpaka ukukhudza mawaya a magetsi, ndipo bambo akukana kuti tiudule nthambi. Thokozani wanga akulemba mayeso chaka chamawa, akuti akufuna kuphunzira ng'oma, ndipo a Bashir akumulimbikitsa, zomwe ine sindinawakhululukire.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana, muwauze kuti azakhali awo akadali moyo ngakhale sawaimbira. Akupereka moni a Chandrakant ndi a Daxa, amene akuti mukadali ndi mbale yawo ya maswiti a Diwali imene munathawa nayo muli mwana. A Lekani akuti moni, a Bashirnso chimodzimodzi.

Bambo sanapereke moni. Nditawauza kuti ndikukulemberani anati, "Umuuze kuti iyenso alimo. Akamvetsera bwino, Nambewe atangokhala pa belo, pali kamwana kakupuma." Ine ndakula ndikumva kaseti imeneyo ndipo sindinakamvepo kamwanako. Iwo akuti ankakamva nthawi zonse.

Mukadzafika, musadzaimbe foni muli pamsewu, ndipo belu la pageti linawonongeka. Mudzangoti odi. Woyankha alipo, amakhala pakhonde.

Ndine mlongo wanu,
Bernadetta.