Sindinadziwe Poika Kandulo ya Atate

Makedoniya,
14 Meyi, 2024

Okondedwa alongo anga a Agatha,

Ndikulonjerani ndi mtima wonse. Muli bwanji kumudziko, inu ndi alamu ndi ana? Nanga mwendo wa amayi uja unaleka kutupa? Ine kuno thupi lili bwino, kungoti mapazi ali matuza okhaokha.

Mudabwa kuti ndalemba pa pepala pamene Loweruka lililonse timayankhulana pa foni ya a Yakubu ku sitolo kwawo ku Katete. Ndachita dala. Pa foni ndikangofunsa za atate mumati netiweki yathawa, kapena mwana akulira. Choncho kalatayi ndiijambula ndi kuitumiza kwa a Yakubu, ndipo ndawapempha kuti akupatseni muwerenge nokha, amalume a Richard palibe.

Sukulu ikuyenda kuno ku dziko la Makedoniya. Mayeso ayamba pa 3 Juni. Anzanga si oipa, koma amayankhula mofulumira ndipo nthabwala zawo ndimazimvetsa iwo atasiya kale kuseka, ndiye nthawi zambiri ndimangokhala pakona n'kumawayang'ana. Pasipoti yanga amasunga ku ofesi. Bungwe lomwe limandiphunzitsa linanena kale kuti tikiti yobwerera kwathu ndi imodzi yokha, ndikadzamaliza chaka chamawa. Zimenezi mukuzidziwa, ndangozibwereza kuti mumvetse zomwe zili m'munsimu.

Loweruka lapitali sindinayankhe foni chifukwa anatitengera kukakwera phiri lomwe lili pamwamba pa nyanja yotchedwa Ohrid. Tinalipo ophunzira makumi awiri ndi aphunzitsi awiri. Alongo, phiri lathu la Mphangwe lija ndi chulu chabe. Kanjira kake n'kakang'ono ngati ka mbuzi, kodzaza miyala yoyera yoterera, ndipo pa miyala ina anapakapo penti yofiira kuti munthu asasochere. Tinkayenda mondondozana, mphunzitsi mmodzi kutsogolo, wina kumbuyo. Anatiuza kuti palibe wotsala, palibe wotsogola, palibenso wobwerera yekha.

Mitengo inatha, kunatsala udzu waufupi ndi mphepo yoluma makutu. M'maenje ena munali chipale chosasungunuka, mwezi uno wa Meyi pamene kwathu mukukumba nsawa. Titafika pamwamba, nyanja yonse inaonekera pansi pathu, yobiriwira, yosagwedezeka. M'mphepete mwake munali timatchalitchi takalekale tooneka ngati nkhokwe. Aphunzitsi analoza tsidya lina nati kumeneko ndi dziko la Albania, malire ake adutsa m'madzi momwemo. Anzanga ena anati anapitako kale kokayenda, monga timachitira ife popita ku Mozambique. Ine ndinayang'ana mbali zonse. Kulikonse kunali mapiri, ndipo sindinadziwe n'komwe kuti kwathu ndi mbali iti.

Tinakhala pansi kuti tidye. Pamenepo foni inalira m'thumba. Anali a Yakubu, atumiza chithunzi chomwe anakujambulani pa khonde la sitolo poona kuti sindikuyankha. Ndinapita kukakhala pa mwala pandekha n'kuchikulitsa ndi zala.

Munayesetsa, alongo. Amayi munawaveka chitenje chowala chija cha pa mwambo wa Kulamba. Koma pakhosi pakuoneka bulauzi yakuda. Duku lawo lakakamira kumutu, mulibe tsitsi mkati. Lanunso chimodzimodzi, inu amene simumalola lumo kukuyandikirani. Amalume ameta mpala. Ndipo njinga yomwe agwira amalume ndi ya atate, ndaizindikira ndi mphira wofiira womangira katundu uja. Atate sabwereketsa njinga yawo, ngakhale kwa abambo mfumu a ku parishi anakana. Anthu atatu a nyumba imodzi sametera limodzi popanda maliro.

Kenako ndinayamba kuwerenga masabata. Atate sanabwere ku sitolo kuchokera pakati pa Malichi. Poyamba munati ali kudimba. Sabata ina munati apita kukaona thonje, ina munati atumiza moni. A Yakubu nawonso tsiku lina anandiuza kuti Mulungu andilimbitse, ndipo nditafunsa chifukwa chake anayamba kufotokoza za fumbi la pa msewu.

Mawu amenewa ndimawadziwa chifukwa inenso ndinawanenapo. Mukukumbukira chaka chomwe anamwalira azakhali a Edith, mwana wawo Daniel ali ku sukulu yogonera ku Chipata, atatsala pang'ono kulemba giredi 12? Akuluakulu anagwirizana kuti asauzidwe mpaka amalize. Ine ndi amene munandituma kukamupatsa chiponde ndi sopo. Anandifunsa za mayi ake, ine ndinamuyang'ana m'maso n'kunena kuti ali kudimba, atumiza moni. Atabwera kumudzi n'kupeza manda atamera kale udzu, anatha chaka osandiyankhula. Pambuyo pake anandiuza kuti chomwe chinamupweteka kwambiri n'chakuti tsiku lomwe mayi ake ankaikidwa iye anali pa bwalo la mpira, akuseka. Chaona mnzako chapita, lero chili pa ine.

Kutsika kunatitengera maola anayi. Ndinkafuna kuthamanga, koma kutsogolo kunali msana wa mnzanga, kumbuyo nsapato za wina, kumanzere thanthwe, kumanja phompho. Aphunzitsi a kumbuyo anandifunsa kawiri ngati ndili bwino. Ndinayankha kuti ndili bwino, monga timayankhira akuluakulu kwathu, ndipo iwo anakhulupirira.

Pansi pa phiri tinalowa mu tchalitchi chimodzi chomangidwa pa thanthwe pamwamba pa madzi. Akuti chatha zaka zoposa mazana asanu ndi awiri. Chitseko chake n'chachifupi, mkati muli mdima, ndipo makoma onse ndi nkhope za oyera mtima za maso akuluakulu, zina zofufutika. Pakhomo panali mayi wokalamba wovala zakuda, wogulitsa makandulo oonda ngati phesi la udzu. Aphunzitsi anatifotokozera mwambo wa kuno. Pali malo awiri a mchenga ozikamo makandulo, ena pamwamba, ena pansi pafupi ndi mawondo. Ukamapempherera wamoyo umayatsa n'kuzika pamwamba. Ukamapempherera womwalira umazika pansi.

Ndinatenga anayi. Ya amayi ndi yanu ndinazika pamwamba. Ya azakhali a Edith ndinawerama n'kuzika pansi. Yachinayi inali ya atate.

Alongo, ndinaima pamenepo mpaka anzanga onse anatuluka. Ndikati ndiike pamwamba, mtima unkati ukunamiza Mulungu monga unanamizira Daniel. Ndikati ndiwerame, unkati ukukwirira atate ako ali moyo chifukwa cha chithunzi cha pa foni. Mwina njinga anangobwereketsa chifukwa akudwala. Mwina maliro ndi a munthu wina. Mayi uja anandiyandikira. Sitimamvana chiyankhulo, ndiye analoza pamwamba, kenako pansi, n'kundiyang'ana kudikira yankho. Kandulo inafewa m'manja mwanga mpaka kupindika. Panja basi yathu inaliza hutala. Mayiyo anandipinda zala kuti ndiifumbate, nandikankhira kukhomo pang'onopang'ono. Ndinabwera nayo, ili mu bokosi la mapensulo.

Tsono pempho langa ndi limodzi. Sindikupempha kubwera, ndikudziwa kuti njira palibe. Ndikupempha kuti mundiuze zoona.

Ngati atate ali moyo, abwere nawo ku sitolo Loweruka likubwerali, ngakhale pa ngolo. Ngati akudwala moti sangayende, pemphani a Yakubu atume munthu ndi foni kumudzi, ndimveko mawu awo, ngakhale kutsokomola kokha. Ngati anatisiya, mundiuze tsiku lake, chomwe chinawatenga, ndi pomwe anagona. Mundiuzenso ngati ananenapo kanthu za ine.

Musakafunse chilolezo kwa amalume. Iwo anena kuti tidikire mayeso athe, ndipo mayeso akatha anena kuti tidikire zotsatira. Ndikudziwa kuti mukuchita izi pondikonda, mukuopa kuti ndisokonezeka mutu ndi kutaya mwayi womwe mudzi wonse unavinira. Koma taonani momwe zilili. Kuyambira Lamulungu ndatsegula buku la masamu katatu, ndipo chomwe ndikuchita ndi kubwerera m'masiku a Malichi, kudzifunsa kuti tsiku lakutilakuti ndinali kuti, ndinkadya chiyani, ndinaseka kapena ayi. Choonadi ndingathe kuchinyamula n'kulowa nacho m'chipinda cha mayeso, koma izi zandimanga manja. Ndikulonjeza pamaso pa Mulungu kuti yankho lililonse lomwe mundipatse, mayeso ndilemba onse, ndipo sindichita chopusa.

Musakwiyire a Yakubu chifukwa cha chithunzi. Iwo ankangofuna kundisangalatsa.

Mundilonjerere amayi, muwauze kuti juzi yomwe anandilukira inandithandiza pa phiri paja. Moni kwa alamu, kwa adzukulu anga Owen ndi Winfrida, ndi kwa amalume, omwe ndimawalemekeza ngakhale ndalemba motere. Daniel mumuuze kuti tsopano ndamvetsa, ndipo andikhululukire kachiwiri.

Atatenso muwalonjere. Inu ndi amene mukudziwa kokawapeza. Ngati ali pakhonde, muwauze kuti mwana wawo anakwera phiri lalitali osagwa. Ngati ali kumanda, pitani komweko mukagwade m'malo mwanga, muwauze kuti Yotam sanabwere chifukwa sanauzidwe.

Ndine mlongo wanu wodikira yankho,

Yotam