Ndinakumeta Mbali Imodzi

Mng'ono wanga Chule,

Landira moni wochokera pa mpando wometera, pomwe ndakhala ndekha masana ano, pepala lili pabondo. Wadzuka bwanji kumeneko? Alamu ali bwanji, msana uja unawasiya? Nanga ana? Ine kuno ndili bwino zoti dokotala atandiyeza angasiye ntchito n'kukayamba ulimi. Zaka makumi asanu ndi zinayi, koma akatumba anga ukawagogoda amalira ngati chitseko.

Ndasankha kalata dala. Foni umangoiyang'ana ikulira mpaka itatopa yokha, ndikudziwa. Koma kalata sungaidule. Komanso iwe sutha kutaya pepala usanaliwerenge, ngakhale lokulungira sopo.

Wandiululira ndi mwana wathu namwino uja. Usamukalipire, ndinachita kumufinya. Akuti walembetsa mpikisano wa patatu kumeneko, ndipo ukufuna kuchita zonse wekha: kusambira kilomita ndi theka, kupalasa njinga makilomita makumi anayi, kenako kuthamanga khumi. Nditamva ndinaseka mpaka ndinatsala pang'ono kudula khutu la munthu. Iwe Chule pa njinga? Munthu amene unagwa njinga itaima?

Ukukumbukira mmene tinkachitira. Tinali gulu la atatu: iwe m'madzi, ine pa njinga, malemu mlamu wako, mkazi wanga uja, pa msewu. Unkatuluka m'damu madzi ali chuchuchu, n'kumasula kalamba kowerengera nthawi kaja pa mwendo wako, n'kukamanga pa wanga, n'kundimenya pantchafu kuti ndizipita. Ine ndikabwerako ndinkakamanga pa mwendo wa mlamu wako. Zaka zisanu ndi ziwiri tinachita zimenezo. Ndiye poti tsopano ulibe womupatsira kalambako, ndati ndikugawire nzeru, usakatichititse manyazi kwa eni dziko.

Choyamba, chishalo. Khala pa njinga, ika chidendene pa pedulo ili pansi. Mwendo uwongoke ndithu. Ukakhala wopindika, kweza chishalocho, apo ayi maondo ako adzakusumira kukhoti. Ndimakudziwa iwe, umafuna mapazi onse azigunda pansi ngati wakhala pa ndowa.

Chachiwiri, usakonde giya yolemera. Imeneyo ndi ya anthu onyada ofuna kuoneka amphamvu, ndipo ine ndinali tcheyamani wawo. Miyendo izizungulira mopepuka, mwachangu, ngati makina a telala woyandikana nane uyu. Makamaka makilomita awiri omaliza, pepukitsa, miyendo idziwe kuti kukubwera ntchito ina.

Kumwa ndi kudya chitira pa njinga pomwepo. Uzimwa pang'onopang'ono ludzu lisanakupeze, nthochi imodzi m'thumba lakumsana. Ukadikira kuti ukamwe pothamanga, madziwo azikakhuthuka m'mimba ngati m'chigubu, anthu n'kumacheuka.

Phunzira kusintha chubu pakhonde pako, kasanu, manja ali ndi thukuta. Ine ndimasintha ndisanamalize kuyetsemula, koma iwe uyambire pomwe ulipo. Pa tsikulo vala chipewa usanagwire njinga, poti akakuona wagwira mahandulo mutu uli pamtunda, amakulanga. Pamalo poimika njinga yako yala thaulo lofiira kwambiri. Munthu ukatuluka m'madzi mutu umazungulira, njinga zonse zimasanduka mapasa.

Chachikulu ndi ichi. Kawiri pa sabata, ukangotsika njinga, usakhale pansi, usafunse tiyi. Vala nsapato uthamange mphindi khumi. Miyendo idzakhala ngati wabwereka kwa munthu wina, wamfupi, amene sakukufuna. Pirira, imazolowera. Izi ndazidziwa chaka chino chomwe, ndipo chifukwa chake uchipeza kumunsiku.

Za kuthamanga si zanga, ndi za mlamu wako. Ndikungokubwerezera zomwe ankanena m'khitchini akumanga zingwe za nsapato, phazi lili pa mpando womwe ankandiletsa ine kupondapo.

Ankati uziyamba ndi timapazi tifupitifupi, ngati ukudutsa pomwe wina wangokolopa. Ankati masiku ambiri uzithamanga liwiro loti ungathe kucheza ndi mnzako osabanika, ndipo ankandinena kuti ine ndiye ndikanakhala katswiri, poti pakamwa panga sipatsekeka ndi pa chitunda pomwe. Ankati tsiku lolimba lizitsatana ndi lofewa, ndipo tsiku limodzi pa sabata uzingogona ngati mphaka. Sabata yomaliza chepetsa zonse ndi theka. Wenga zikhadabo za kumapazi. Nsapato zatsopano pa tsikulo ayi. Wina akakupitirira, ankati umuleke, ambiri udzawapeza kutsogolo atakumbatira mtengo.

Nsapato zake zikadali kuseri kwa chitseko. Ndikamasesa ndimazinyamula, ndikatha n'kuzibwezera pomwepo. Zaka ziwiri tsopano.

Usaganize kuti ndikudandaula. Mu shopu muno mumadzaza, anthu amachita kulimbirana benchi kuti amve nkhani zanga. Kungoti ndikazimitsa makina n'kusesa tsitsi, chete wake amakhala wamtundu wina. Lamlungu mmawa ndimapalasa ndekha mpaka pa chitunda cha thanki ya madzi, pomwe inu awiri munkandidikira ndi botolo. Ndimaimabe pamenepo, kaya chifukwa chiyani. Tsiku lina ndinapezeka ndikuifotokozera njinga mmene ndakwerera, ndipo nayonso sinandikhulupirire.

Kwatsala za kusambira. Apa cholembera chayamba kulemera.

Tsiku lomwe namwino anandiuza za iwe, pa benchi panali anthu. Ndiye ukundidziwa. Ndinati ngati Chule angathe zonse zitatu, ine ndingathe nditamanga dzanja limodzi kumsana. Mawa lake dalaivala wa basi uja, wadazi amene amabwera kudzameta tsitsi lomwe alibe, anandibweretsera fomu ya mpikisano wa kuno, n'kuimata yekha pa galasi. Aliyense wokhala pa mpando amaiona. Inenso ndimaiona tsiku lonse.

Ndinagula magalasi osambirira ndi kakabudula kothina koti ndikakavala ndimayankhula mawu aang'ono. Ndinayamba kupita ku dziwe losambiramo mmawa, Lachiwiri ndi Lachinayi. Ndimalowa mbali yosaya, madzi a m'chifuwa, n'kumayenda pansi kwinaku manja ndikuponya ngati ndikusambira. Miyezi iwiri, Chule. Mpaka mayi woyang'anira dziwelo, wa wenzulo pakhosi, anabwera m'mphepete n'kundifunsa mwaulemu ngati ndataya kanthu pansi pamadzipo.

Mayiyu ndi munthu wabwino, sanaseke. Anati vuto langa si manja kapena miyendo, koma nkhope. Anati ndikayambire kunyumba, ndiziviika nkhope m'beseni n'kumatulutsa mpweya m'mphuno mpaka nditawerenga khumi. Ndiye nthawi ya nkhomaliro ndimakhoma chitseko cha shopu, n'kudzaza sinki yotsukira mitu ija, n'kuwerama.

Ndimangofika pa zitatu.

Madzi akangolowa m'makutu, phokoso lonse la mumsewu limazima, ndipo ndimapezeka ndili m'damu lija, ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri.

Nkhani imeneyo umaidziwa. Ndainena pa mpando uno mwina kasauzande: mmene kamng'ono kanga kanaterereka n'kugwera m'damu, ine n'kudumphira ndi zovala zomwe, n'kukakoka ndi tsitsi. Chaka chilichonse damulo limakula. Chaka china ndinaikamo ng'ona.

Anaterereka ndi ine. Anadumphira ndi iwe, mwana wa zaka zisanu ndi zinayi. Chipsera chili kuseri kwa khutu lako lamanzere ndi chikhadabo changa, pomwe ndinkakukwera pamutu kuti ndipume. Titafika kunyumba ndinayamba kuyankhula ndine, iwe mano akugundana, ndipo bambo anasisita mutu wanga. Zaka makumi anayi ndi ziwiri sunanditsutse ngakhale kamodzi. Titayamba za mpikisanozi unangoti madzi ndikusiyire iwe, ine njinga ndi imene ndimaitha, ndipo palibe anafunsa.

Ndiye tsiku lija, titamaliza pa nambala folo, unabwera kudzameta. Ndinakufunditsa nsalu, ndinayamba mbali yakumanja, benchi ili yodzaza. Ndinainenanso nkhaniyo. Kenako ndinaonjeza kuti kusambira ndi kusamba chabe kokhala ndi nambala pa mkono, ndi kuti tinaluza chifukwa Chule anatuluka m'madzi ngati matiresi onyowa.

Unandiyang'ana m'galasi. Unamasula nsalu pakhosi, n'kuipinda bwinobwino, n'kuiika pa mpando. Unatuluka mutu uli wometa mbali imodzi. Tonse tinaseka, ine kuposa onse. Ndinkati ubwera mawa, nanga munthu angayende bwanji choncho? Mwezi wotsatira ntchito inakusamutsa.

Mlamu wako anandiuza tsiku lomwelo kuti ndipite ndikakupepese. Iye zoona zake ankazidziwa, poti sungamubisire mkazi amene amakuona ukusukusula ndi zala ziwiri. Ndinamuyankha kuti nthawi ilipo. Iyeyo ndiye analibe.

Pa maliro ake unabwera, unandigwira dzanja, unagwira ntchito kuposa aliyense. Ine ndinangoona kuti wameta kwa munthu wina, wosadziwa za chipsera chija, anachidutsa ndi makina mpaka chinafiira. Ndinafuna kunena kanthu. Pakamwa pomwe sipatsekeka paja panatsekeka.

Lachinayi lapitali ndinaiwala kukhoma chitseko. Telala analowa kudzabwereka tsache, n'kundipeza mutu uli mu sinki, matako kumwamba. Anayesa ndakomoka. Anandikoka ndi lamba mpaka tonse tinagwera pa benchi, akuitana msewu wonse. Anabwera dalaivala, anabwera wogulitsa manyuzi, anabweranso ena omwe sindinawametepo chibadwire. Onse akufunsa kuti chachitika n'chiyani.

Mabodza ndinali nawo atatu okonzeka, abwinoabwino. Loyamba linali loti mphete yagwera m'paipi. Koma madzi anali akutuluka m'mphuno, fomu ili pa galasi, ndipo ndinangotopa, Chule. Ndinawauza kuti sinditha kusambira ngakhale kuchoka pano kufika pakhomo. Ndinawauza amene anamira ndi amene anavuula mnzake.

Kenako dalaivala anati iye anayamba kukayika chaka cha ng'ona chija, poti chaka cham'mbuyo mwake inali mvuu. Anthu anaseka, inenso ndinaseka nawo. Telala yekha sanaseke. Anatenga tsache lake, ndipo ali pakhomo anandifunsa ngati mwini nkhaniyo ndamuuza.

Ndiye ndi imeneyi kalatayi.

Pepa, mng'ono wanga. Ndinakubera tsiku lako, n'kumalivala ngati jekete langa zaka zonsezi, kenako n'kukutukwana nalo. Palibe chomwe ndingaonjezerepo, ndipo ukudziwa kuti kwa ine kusaonjezera ndi chinthu chachilendo.

Fomu ija ili ndi timabokosi tiwiri, ka wopikisana yekha ndi ka gulu. Ndafunsa, akuti gulu likhoza kukhala la anthu awiri. Sindinachonge kalikonse. Amatseka pa 20 mwezi wamawa, ndipo mpikisano wa kuno umayamba ndiwo, kutatsala milungu itatu kuti wanuwo uchitike, ndiye kwa iwe kungakhale kungotenthetsa thupi.

Ukabwera, iwe usambira, ine ndipalasa, kenako ndithamanga gawo la mlamu wako. Ndakhala ndikukonzekera, n'chifukwa chake za miyendo yobwereka ndikuzidziwa. Makilomita khumi ndikumawamaliza ndithu. Liwiro lake usafunse, galu wa pa garaja amandiperekeza akuyenda, mwina chifukwa cha chisoni.

Ngati kubwera sikutheka, ndilembere chabe mmene umapumira. Umatembenukira mbali iti? Mpweya umautulutsa liti? Nanga pansi pakakhala bii, iwe umayang'ana chiyani, umaganiza chiyani? Mayi wa wenzulo wandiuza zake, koma ine ndikufuna ndimve kwa munthu amene anaona nkhope yanga pansi pa madzi.

Ukapanda kuyankha, ndidzaimatula fomuyo pa galasi n'kuipinda. Usaope kuti ndikalowa m'damu chifukwa cha manyazi. Manyazi anathera mu sinki, komanso wondivuula ali kutali.

Undiperekere moni kwa alamu, uwauze kuti msana umafuna kuyenda, osati mpando. Moni kwa ana onse, makamaka namwino kazitape wanga. Telala akuti moni, dalaivala akuti akufuna kugwira dzanja la munthu amene anapirira ine zaka zonsezi. Mulungu akusunge pa msewu, akupatse mphepo yakumsana, ndipo chubu chako chisaphulike kutali ndi kwanu.

Nsalu unaipinda ija sindinafunditsenso munthu wina. Ili m'dirowa, mmene unaisiyira. Makina ndathira mafuta. Bwera ndidzamalize mbali inayo, ndipo ndidzameta ndili chete.

Ndine mkulu wako,
Wometa, amene unamuvuula.