Dzino lachisanu la khadi

Nelesi mwana wanga,

Monire kumeneko ku Lilongwe. Kuno ku Lufita tili moyo, kungoti mwendo wa amayi ako ukadali wotupa. Akundilembera ndi akatekisiti, koma mawu ndi anga.

Mwamuna wako usamudikire sabata ino. Atafika ku ofesi kwathu kudzalumikiza makompyuta awiri aja, moni sanandipatse. Anandipeza ndikusesa, n'kunena pamaso pa makalaliki kuti, "Madala, fumbi lanulo uko, izi n'za anthu a sukulu."

Khadi limene amalowetsa m'kompyuta polumikiza lili ndi timano, ndipo dzino limene waliveka kapulasitiki ndi pamene khadi limagogodera kuti makina alimvere. Mzungu wina amene anadzakonza makinawa chaka chatha anandionetsa ndikumugwirira zomangira. Pa kompyuta yatsopano dzino lachisanu lilibe mwini, koma pa yakale ndi pogogodera chosunga mafayilo. Awiri akagogoda pamodzi, makina amauma, osagwiranso ntchito.

Ndinamuona mkamwini akuveka pachisanu pa makompyuta onse awiri. Ine ndinapitiriza kusesa.

Yakaleyo inauma m'mawa womwe abwana ankafuna mndandanda wa alendo a Chipani. Apampando a Chipani anati mkamwini wachita dala. Apolisi anamutenga tayi ili m'khosi, thukuta lili kamukamu.

Amayi ako akuti ndikauze abwana kuti anangolakwitsa. Ndine ndani ine, wosadziwa ndi A yemwe? Akafotokoze yekha m'Chingerezi chakecho.

Usalire kwambiri, unamusankha wekha. Unditumizire bulangete, kuno kwayamba kuzizira. Mulungu akusunge pamodzi ndi ana.

Ndine bambo ako,
Yotamu