Nditumizireni chitsulo cha paguwa la amayi

Calcutta, 4 Januwale 1989

Okondedwa achemwali Sonapati,

Imirirani pamene akukuwerengerani kalatayi, pakuti wolemba ndine Bhuneshwar mwana wa Dukhan, dokotala wa magalimoto okalamba tsidya lino la mtsinje wa Hooghly, amene anamaliza sitandade 4 atangobwereza kawiri kokha. Tsopano khalani pansi.

Msana wanu uja ukupeza bwanji? Nanga alamu, chifuwa chinawasiya? Ine thupi lili bwino koma mtima uli m'malere. Dzana anzanga anandiwotchera litti, mkate wakwathu uja, ndinangomuyang'ana mpaka anazizira.

Mukuwadziwa Mayi Sanyal, amasiye amene ndawagwirira ntchito zaka makumi atatu. Malemu amuna awo anasiya kagalimoto kofiira ka ku Mangalande, ka mipando iwiri, kopanda denga, ka magudumu a masipoko ngati njinga. Mdzukulu wawo Paromita akukwatiwa pa 29 mwezi uno, ndipo mayiwo alamula kuti mkwati adzamutengere pa kagalimoto komweko, monga momwe iwo anatengedwera. Adzawoloka mlatho wa Howrah awiriwiri, mkwati ali pachiwongolero. Ine malo mulibe.

Tsono gudumu lakutsogolo kumanja linali litatheratu. Masiku asanu ndinapalasa milu ya zitsulo ku Mullick Bazar ngati nkhuku, mpaka ndinalipeza kwa Kalimuddin, mnzanga wa mano atatu, pamodzi ndi habu yake, chitsulo chimene gudumu limakhalapo. Anandiseka kuti nkhalamba ikusakira nkhalamba inzake miyendo. Ndinamuuza kuti afufuze mu mulu womwewo, mwina apezamo mano. Ndikunyamuka anandikuwira kuti iwe mdala, habuyo ndi ya kumanzeretu! Ndinamuyankha kuti ndinayamba kugwira sipanala iye akuyamwa.

Apa mvetsani bwino. Gudumu la galimoto zimenezi limagwidwa ndi nati imodzi yokha, yaikulu, ya makutu awiri, yomanga ndi nyundo. Mazinga a kumanja ndi a kumanzere amazungulira mosiyana, kuti galimoto ikamathamanga natiyo izidzimanga yokha. Ukasinthanitsa imadzimasula yokha, pang'onopang'ono, osakuuza. Ndinkadziwa zonsezi, koma ndinati mkono wanga ndi nyundo zigonjetsa nzeru za Mngelezi.

Lamlungu m'mawa ndinakayesa galimoto pamsewu wa ku Maidan. Ndili mkati moimba ndinaona gudumu likundipitirira, lokongola, mpaka ndinasirira kuti mwini wake analipeza kuti. Pomwepo galimoto inagwada. Samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu. Ndinapulumuka chifukwa msewu unali wopanda kanthu, munali nkhosa zokha. Koma pamlatho paja basi kutsogolo, basi kumbuyo, pansi madzi. Paromita ndinkamunyamula paphewa ali kamwana, mpaka lero amanditcha agogo a girisi. Ndikangotsinzina ndimaona sari yake yofiira, nsalu ya ukwati ija, pansi pa basi.

Tsiku lomwelo ndinapita kwa Mayi Sanyal chifuwa patsogolo n'kuwaululira zonse. Anati ndine munthu woona mtima, ndipo habu ikapanda kupezeka anawo adzakwera takisi.

Habu yakale inatha pamodzi ndi gudumu lake, ndipo ina ya kumanja mu Calcutta monse mulibe. Ku Bombay akana, ku Madras akana, ya ku Mangalande akuti ingafike patatha miyezi itatu. Yatsala imodzi yokha, ndipo ili m'nyumba mwanu.

Gwirani pamtima, achemwali. Chitsulo chopatulika chimene chili paguwa la malemu amayi, chija ndinati anandipatsa munthu woyera wa ku mzinda wopatulika wa Kashi, sichinaonepo Kashi. Ndinachizula pagalimoto yonga yomweyi imene Mzungu wina anagwetsera mungalande. Ndinkati ndikagulitse, amayi n'kuchipeza m'thumba mwanga, ine n'kuona ndodo yawo ili pafupi. Kuyambira pamenepo anachidzoza mafuta a mpiru m'mawa uliwonse, inu n'kupitiriza. Padziko lonse palibe habu yodyetsedwa bwino ngati imeneyo. Dzimbiri silinaikhudze n'komwe.

Pempho langa ndi limodzi. Chikulungeni munsalu, mupatse mwana wanu Sudama, akwere sitima ku Chhapra sabata ino. Asachiike pansi pa mpando, agone chili pamimba. Ndikudziwa alamu akana, ati ndicho chinawachiritsa chotupa cha pakhosi. Auzeni kuti ndiwatumizira ya kumanzere ija. Kumwamba sayang'ana mazinga.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa azakhali ngati makutu akumvabe, kwa apongozi anu ndi adzukulu onse, kuphatikizapo uja anandibera chipewa.

Ndine mlongo wanu wamkulu m'mbiri, wamng'ono m'nzeru,

Bhuneshwar

Ndabwereranso, cholembera chakana kugona. Mwina mukuti za gudumu londipitirira ndapeka. Ayi, chigongono chikadali chotupa. Chimene ndapeka n'chakuti ndinawaululira Mayi Sanyal. Sindinanene kanthu. Gudumu ndinalibwezera pomwepo, n'kulimenya nyundo, ndipo iwo akudziwa kuti galimoto ili bwino. Dzulo anandisisita paphewa, amvekere popanda ine ukwatiwu sukadakoma. Katatu ndaima pakhomo pawo, katatu ndabwerera osagogoda. Akamva, andichotsa ndithu, ndipo n'zondiyenera. Sudama akapanda kufika ndidzanena, ndalumbira pa dzina la amayi, koma inu mukudziwa kuti amayi omwewo ndinawanamiza mpaka kumanda. Musandikhulupirire, achemwali. Tumizani chitsulocho lero, mudzakwiya pambuyo.