Ufa wa Alamu Pansi pa Nyale

Achemwali,

Muli bwanji kumeneko, inu ndi ana? Mwendo uja unasiya kutupa? Kuno tilipo, kupatula mwana wathu Kanyerere. M'mimba simukumupatsa mtendere, ndipo ukamunyamula umangokhala ngati wanyamula pilo.

Thumba la ufa wa phala umene amuna anu amagulitsa, lija anatitumizira, linafika, ndipo mwana tinkamudyetsa womwewo. Nkhani yake ndi imene ndikulemberayi.

Mukudziwa kuti ndimasenza matumba kufakitale ya zakudya za ana. Kumeneko kuli kachipinda kopanda windo. Lole ikafika ndi chimanga ndimatapako pang'ono n'kupititsa kwa mayi woyeza. Iwo amachiphwanya, kuzimitsa magetsi, n'kuyatsa kanyale kawo kabuluu. Chimanga chabwino chimangoti duu. Chimene chinagwira chuku chimawala mobiriwira ngati maso a mphaka, ndipo lole yake imabwerera pageti.

Mwana atayamba kudwala ndinatapa ufa wa alamu m'kapepala n'kuwapempha mayi aja kuti andionereko. Achemwali, mbale inachita mathothomathotho owala. Mayiwo anati nyale yokha siimaliza mlandu, ufawo autumiza kokayeza kwenikweni, koma mwana asaulawenso ngakhale pachala. Akuti poizoni wa chuku amadya chiwindi mwakachetechete.

Ndinawaimbira alamu. Ndimati mwina achita manyazi. Manyazi awapeza kuti? Anaseka mpaka kutsokomola. Anati iwo amagula chimanga chimene mafakitale akana, amachitsuka ndi madzi, kuchiyanika padenga, kuchikazinga, basi chayera. Akuti moto umapha chilichonse. Akutinso nyale yathuyo ndi ya mudisiko, ndipo ine wosenza matumba ndayamba liti udokotala.

Sukulu sindinapite nayo patali, zimenezo n'zoona. Komatu iwonso digiri yawo ndi ya beseni ndi chiwaya. Ndinafunsa mayi woyeza za kukazingako. Anati poizoniyo saopa moto wa pachiwaya. Ndiye alamu amangosambitsa maliro n'kuwadzoza mafuta, kenako n'kumata chithunzi cha mwana wonenepa papaketi.

Munthu wake ndi yemwe uja anapenta matayala akutha n'kumati ndi atsopano. Pamenepo tinkaseka. Koma tayala sulidyetsa khanda.

Kunyumba kuno mayi a Kanyerere akuti tisachite phokoso, mphatso sakana, tidanitsa mabanja. Ndawauza kuti chibale chikathere pomwepo ngati mtengo wake ndi chiwindi cha mwana wanga. Thumbalo ndalimanga n'kulikweza pamwamba pa kabati. Ndikuopa ngakhale kupatsa nkhuku za aneba.

Tsono pempho langa ndi ili. Ndikudziwa kuti ana anu amadya ufa womwewo m'mawa uliwonse, ndipo inu ndi amene mumautakasa. Lekani. Musadikire kuti bambo awo avomere, amenewo adzavomera ali pamanda. Akakufunsani, nenani kuti ndi ine ndakupusitsani, andida kale. Kamtsikana kanu kotsiriza kaja mukapite nako kuchipatala, mukawauze zimene kamadya, musabise. Lolemba ife tikupitanso ndi wathuyu. Sindikudziwa kuti akatiuza zotani.

Mulungu akusungeni pamodzi ndi anawo. Mundiperekere moni kwa azakhali ndi kwa onse apakhomo. Kwa alamu musavutike, moni wanga angautsuke n'kukaugulitsa.

Ndine mlongo wanu,
Bambo a Kanyerere