Gawo lako la namgumi silibwera

Wokondedwa mng'ono wanga Nasuk,

Ndikhulupirira uli bwino ndi ana ku Anchorage. Kuno ku Point Lay tilipo, kungoti ine tulo sindikupeza.

Chaka chino usadikire gawo lako la maktak, khungu la namgumi ndi mafuta ake. Alamu ako a Uyarak anapha namgumi woyera, ndipo tinagawa monga mwa nthawi zonse, kuyambira amasiye. Pakhungu pake panali zigamba, koma tinkati anangokhulika ndi madzi oundana. Kenako mayi woyeza nyama anatiuza kuti m'magazi ake muli tizilombo tomwe timalowanso mwa munthu.

Alamu ako anayenda khomo ndi khomo kukatenganso nyama ija. Mayi Panik, wamasiye uja, anawaseka kuti, "Iwe Uyarak, wayamba liti kulanda chimene wapereka?" Koma powapatsa poto anawaona dzanja, kuseka n'kuthera pomwepo.

Ukuwadziwa, sacheka nyama atavala magolovesi, amati dzanja liyenera kuumva mpeni. Chala chimene anadzicheka pocheka namgumiyo chatupa, ndipo kufiira kwafika pachigongono. Dzulo anandifunsa kawiri ngati agalu adya. Agalu tinasiya kuweta iwe usanakwatiwe.

Anamwino aitanitsa ndege yotengera alamu ako kuchipatala ku Anchorage, itera chifunga chikachoka, koma malo anga mulibe. Kalatayi ndaika m'thumba la jekete la alamu akowo. Ukawapeza kuchipatalako usawafunse zambiri, ungokhala nawo pafupi. Sadya akakhala okha.

Upereke moni kwa ana.

Ndine mkulu wako,
Avik