Ndibwereke ana kwa a Saulos?

Aphungu,

Ndine mphunzitsi wamkulu wa kasukulu ka mishoni kuno kwa Malemia, ndipo mtima wanga suli m'malo. Ndinabwera chaka chatha, cha 1923, kuchokera kumapiri. Mu Febuluwale ana anali makumi anayi, ena mpaka kumakhala pakhomo. Lero ndaimba ng'oma katatu, abwera asanu ndi awiri, mmodzi mwa iwo ndi wanga yemwe.

Sikuti adana nane ayi. Madzi a Shire aphwa, ndiye mabanja atenga makasu, mbewu ndi ana omwe, awolokera kumadimba a ku Ndindi kukabzala chimanga ndi mbatata pachinyontho. Amanga misasa komweko, sabwerako mpaka Ogasiti. Masiku a sukulu ndinawalemba ndekha potengera kwathu, kumene anthu akakolola mu Meyi amakhala pansi. Mkazi wanga Priska, mwana wa konkuno, ataona pepalalo anati: "Bambo, miyezi imeneyo mudzaphunzitsa mbuzi." Ndinamuyankha kuti za sukulu sazidziwa. Masiku ano akamandipatsa madzi amayang'ana kumbali, kuopa kuseka.

Tsono Abambo a ku mishoni alemba kuti afika pa machila pakatha milungu iwiri kudzawerenga ana. Sukulu yosakwana ana makumi awiri amaitseka, mphunzitsi n'kumuchotsa. Ine ndinasenza nawo bango la denga limeneli, Aphungu, ndipo zikundiwawa.

A Saulos, aphunzitsi anzanga a sukulu ya kumtunda, akuti: "Achimwene, musaonde nazo. Ndikubwerekani ana khumi ndi asanu tsikulo. Aliyense mumupatse dzina la m'kaundula wanu, akaitanidwa angovomera basi." M'mawa ndimalola, masana ndimakana, madzulo ndimafuna kupita ku boma kuti atume amesenjala akakoke ana kumadimbako. Ndazungulira sukuluyi mpaka ndapanga kanjira. Nditani?

S. P., Port Herald

A S. P.,

Khalani pansi kaye, achimwene, kanjirako kakwana.

Safunsa anadya phula, ndipo inu mwadya lambiri ndithu. Munali ndi munthu wodziwa mtsinjewo m'nyumba mwanu momwe, inu n'kumutseka pakamwa! Yambirani pomwepo: apepeseni mai Priska, muwafunse kumene banja lililonse lamanga msasa.

Za amesenjala iwalani. Chinyontho sichidikira munthu, ndipo kholo limene mwalilanda mwana pakati pa kubzala lidzamubisa ngakhale mu Febuluwale.

Mawa pemphani msodzi akuwolotseni. Tengani bolodi, choko ndi masileti. Mukafika musayambe ndi ng'oma. Khalani pansi ndi amai ndi abambo, muwafunse nthawi imene ana angapezeke. Kwanu kumeneko dzuwa likafika paliwombo palibe wogwira khasu, ndiye ndikukhulupirira akupatsani nthawi imeneyo. Mthunzi wa mtengo umodzi ukukwanirani. Ana asanu ndi awiri otsala kumudzi musawataye, aphunzitseni m'mamawa musanakwere bwato.

Kalata ya kwa Abambo lembani lero lomwe, isachedwe. Nenani zoona: kusukulu kuli asanu ndi awiri, ena onse ali kumadimba, ndipo cholakwa ndi masiku amene munalemba inuyo. Apempheni atsike pa machila, alowe m'bwato, akawerengere komweko. Muwauzenso kuti masiku a chaka chamawa mudzakonza pamodzi ndi makolo, potsata madzi.

Sindikunamizani, angathe kukana kuwoloka n'kuitseka ndithu sukuluyo. Zikatero mudzalira, koma bango limamangidwanso, ndipo makolo amene anakuonani muli ndi bolodi m'matope ndi amene adzapite ku mishoni kukakupemphani.

Koma ana a a Saulos musawabwereke. Abambo mwina simungawapusitse, pakuti mawa lake adzafika kumtundako n'kupeza nkhope zomwezo, sukulu zotsekedwa n'kukhala ziwiri. Ngakhale muwapusitse, ana khumi ndi asanuwo adzadziwa, wanunso adzakhala pomwepo akuona bambo wake akuitana Petro, wina wosakhala Petro n'kuvomera. Mawa lake mudzaima bwanji pamaso pake n'kumuphunzitsa kuti usaname?